Buku Limene Linadya Yoramu Ngozo

Yoramu Ngozo anabadwira kumapiri a Tsangano, kumene chisanu cha pakati pa chaka chimang'amba milomo ndi zidendene. Anakula monga anyamata ena onse a kumeneko: kuweta ng'ombe za atsibweni ake, kukumba mbatata ya kachewere ndi kulota za ku Joni. Sukulu anailekezera panjira atangodziwa kulemba dzina lake ndi kuwerenga Baibulo molozera ndi chala. Ndevu zitayamba kumera anakalembetsa ku Wenela, napita kukalowa pansi pa nthaka ya eni ake kukakumba golide.

Kumgodiko anapalana ubwenzi ndi Mshangani wina wa ku Mozambique, dzina lake Fabiyawo. Ankagona chipinda chimodzi, ankadyera m'mbale imodzi. Masiku opuma, anzawo akapita kumowa, Fabiyawo ankayala pabedi mawailesi akufa a anthu n'kumawaukitsa. Yoramu ankamugwirira mawaya uku akupenyetsetsa, mpaka nayenso anafika pozindikira nthenda ya wailesi ndi khutu lokha.

Tsiku lina denga la mgodi linagumuka. Thanthwe linapsinja Fabiyawo kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Anthu onse anathawa, koma Yoramu anabwerera namugwira mkono kuti amukoke. Mwala wina unagwa nudula zala ziwiri za dzanja lamanzere la Yoramu, chaching'ono ndi chinzake. Fabiyawo anafera pomwepo. Yoramu anabwerera kwawo ndi zala zitatu kumanzereko, chifuwa chosatha, ndi kabokosi ka zipangizo za mnzake.

Anakwatira Janeti, amene iye ankamuitana ndi mfunda wake kuti aNanzunga. Ana anabadwa, ena anatsogola ali aang'ono, ena anakula n'kubalalika, ndipo pakhomo panatsala Nomsa, mzime wawo. Yoramu anaika benchi pakhonde la sitolo ina pamsika wa Tsangano, mbaula pambali yotenthetsera kachitsulo komatira mawaya. Akamagwira ntchito ankaimba mluzu, nyimbo yomweyomweyo ya kutchalitchi, moti munthu ankadziwira patali kuti aNgozo atsegula.

Nkhondo itavuta ku Mozambique, othawa anadzaza malire onse. Pa Tsangano malirewo ndi msewu chabe, munthu amawoloka osadziwa kuti wawoloka. Ambiri anafika atasenza wailesi pamutu pamodzi ndi mphasa, pakuti ankafuna kumva ngati kwawo kudakali anthu. Yoramu ankawakonzera, nthawi zina pongolandira kambale ka nyemba, ndipo ankacheza nawo m'Chishangani ndi m'kachipwitikizi kothyokathyoka kamene anatola kwa Fabiyawo.

Ndi m'masiku amenewo pamene anafika Silvester Kalilangwe, mnyamata wa ku Zomba, kalaliki wa bungwe lina logawa chakudya kwa othawa nkhondo. Anasowa pogona, ndipo Yoramu anamupatsa kachipinda kakuseri kwa nyumba yake. Anali mnyamata waulemu, woonda ngati bango, wosazolowera chisanu. Atagwidwa ndi chibayo, Janeti ndiye ankamufunditsa mabulangete ndi kumumwetsa phala ndi supuni. Atachira anayamba kumuitana kuti amayi, ndipo Yoramu ankamutchula kuti madala.

Ntchito ikachepa, Silvester ankakhala pabenchi paja n'kumafunsa. Ankafunsa za ku Joni, za njira zachidule zowolokera malire, za mmene wailesi imakokera mawu ochokera kutali. Yoramu, amene sanafunsidwepo chilichonse ndi munthu wophunzira, ankayankha ndi mtima wonse. Masana ena a mvula, pakhonde palibe wina, anamufotokozera za Fabiyawo. Nkhaniyi ngakhale Janeti ankangoidziwa pamwamba. Yoramu analira, ndipo Silvester anamugwira paphewa.

Nkhondo inatha, othawa anabwerera, matipate analowa. Silvester anatsanzika bwino, nanena kuti sadzaiwala. Anapita ku Blantyre, ndipo kunali zii.

Patapita zaka zingapo, anthu a pamsika anayamba kumuyang'ana Yoramu mwachilendo. Anyamata odutsa ankagundana zigongono n'kumayang'ana dzanja lake. M'kashedi ka Dyton wometa munayamba kudzaza anthu masana aliwonse, ngakhale ampala amene analibe chometa. Dyton anali atagula buku kuboma la Ntcheu, ndipo ankaika sizasi pansi n'kumawawerengera mokweza. Yoramu ankamva phokoso la kuseka ndi kukuwa kuchokera kumeneko, naganiza kuti ndi za ndale, pakuti masiku amenewo aliyense anali atamasuka pakamwa.

Anazidziwa Loweruka lina masana. Mayi Ida, wogulitsa zitumbuwa, anabweretsa wailesi yake yongolira ngati njuchi. Yoramu anaimata, naika mabatire, napotokola kufunafuna siteshoni. Mawu anatuluka oyera, a munthu wowerenga nkhani yopeka imene wailesi ina inkaulutsa mlungu ndi mlungu.

"Pamsika wa pamalire paja," anatero mawuwo, "pakhonde la sitolo, pankakhala munthu wokonza mawailesi. Ankaimba mluzu nyimbo ya Mulungu, natsokomola chifuwa cha kumgodi. Dzanja lake lamanzere linali ndi zala zitatu. Anthu ankamuyesa mkhristu, osadziwa kuti ameneyu ndiye Zalazitatu, mutu wa zigawenga zonse."

Mayi Ida anagwira pakamwa. Analanda wailesi yake chivundikiro chisanamangidwe, namka osacheuka.

Madzulo ake Yoramu anatuma Nomsa kukabwereka bukulo kwa Dyton. Linali litada ndi manja, chikuto chitamatidwa ndi phala. Dzina lake linali Moto Pamalire, ndipo mlembi wake anali S. M. Kalilangwe. Nomsa anawerengera makolo ake kwa masiku angapo, pakhonde, dzuwa lisanalowe.

Kunena zoona, nkhaniyo inali yokoma, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Yoramu koyamba: iye mwini ankafuna kumva chotsatira. Munali kazitape wa boma wotchedwa Mphezi, mnyamata wochenjera amene anadzisandutsa kalaliki wogawa chakudya, nakachita lendi kuseri kwa nyumba ya chigawenga kuti achifufuze. Chigawengacho chinkatumiza mauthenga kutsidya kudzera m'mawailesi a anthu. Chinkabisa mabomba m'matumba a kachewere kuti akaphulitsire mlatho ndi msika wa mumzinda. Mkazi wake ankathira mankhwala m'phala la mlendo. Apa Janeti anadzuka, nalowa m'nyumba, ndipo sanabwerenso kudzamvera.

Kenaka Nomsa anafika pamutu wa kumgodi. Anawerenga mizere ingapo, naima.

"Bwanji waleka?" anafunsa Yoramu.

"Apa pafufutika, ababa."

"Usandinamize. Werenga."

Nomsa anawerenga. M'bukumo Zalazitatu anali ndi mnzake Mshangani wodziwa mawailesi. Pofuna kumulanda zipangizo, anamukankhira pansi pa thanthwe, ndipo mnzakeyo pakufa anamuluma zala ziwiri n'kuzidula.

Yoramu anadzuka, napita kukhola, nakaima pamenepo nthawi yaitali ngati akuyang'ana mbuzi.

Poyamba anthu ankangoseka. "Zalazitatu, mwadzuka bwanji? Mabomba alipo lero?" Yoramu ankayesa kuseka nawo, poganiza kuti dzina lachipongwe limafa ukapanda kulikwiyira. Anthu ena ankachokera kutali, ku Nzama ngakhale ku Lizulu, kudzangomuona. Ankabweretsa wailesi yabwinobwino, n'kuima pamenepo maso ali padzanja. Kwa Dyton kunkabuka mitsutso yoopsa. Ena ankati ndi zopeka basi. Ambiri ankati galu wamkota sakandira pachabe: mlembiyo anakhala m'nyumba momwemo, anadya momwemo, ndiye anganame bwanji? Mluzu ndi womwewo, chifuwa ndi chomwecho, khonde ndi lomwelo. Ngati izi zili zoona, zinazo zilekerenji?

Panali chinanso. Kwa zaka zambiri anthu anakhala akuopa akazitape osaoneka, akunong'ona ngakhale m'nyumba zawo. Nkhondo ya kutsidya nayo inasiya mfuti zambiri m'manja mwa anthu, ndipo achifwamba anali atayamba kuthyola masitolo. Mantha onsewo analibe nkhope. Bukulo linawapatsa nkhope, ndipo nkhopeyo inkakhala pakhonde tsiku lililonse, yosathawa, yosabwezera.

Nthawi yokumba kachewere, lole ina ya ogula inaimitsidwa ndi anthu a mfuti pamsewu wotsikira kumsewu waukulu. Dalaivala anaphedwa. Mawa lake funso linali limodzi pamsika ponse: anawauza achifwambawo ndani kuti lole yanyamuka? Palibe anatchula dzina mokweza, koma apolisi anafika molunjika pakhonde la Yoramu. Anasonkhanitsa mawailesi onse a eni ake, nawaponya m'galimoto pamodzi ndi iye. Mmodzi wa iwo, wachinyamata, anali ndi Moto Pamalire m'thumba lakumbuyo la thalauza.

Anamusunga masiku angapo, akumufunsa kuti mawailesiwo amalankhula ndi yani kutsidya. Atasowa chomugwira nacho anamutulutsa. Achifwamba enieni anadzagwidwa patapita miyezi, anthu a kutali osamudziwa Yoramu n'komwe, koma nkhani imeneyo sinayende ngati ija yakuti Zalazitatu anamangidwa. Mawailesi anabwerako ena osweka, ena opanda sipika. Eni ake anawatenga mwakachetechete, ndipo kuyambira pamenepo ankapita nawo kuboma.

Kutchalitchi Yoramu ndiye ankayambitsa nyimbo. Akulu ampingo anamuitanira pambali, namuuza mofatsa kuti iwo sakhulupirira za m'mabuku, komabe akhristu ena akukhumudwa, choncho apume kaye mpaka fumbi litakhazikika. Fumbilo silinakhazikike.

Chimene chinamuthyola msana ndi cha Nomsa. Mtsikanayu anali pa ubwenzi ndi Redson, mnyamata wa ku Sharpevale, ndipo zachinkhoswe zinali zitayamba kukambidwa. Atsibweni a Redson anakwera phiri, nakhala pansi ndi ankhoswe a Nomsa, nanena mawu ochepa: kwawo satenga mkazi pakhomo pofika apolisi. Nomsa sanalire pamaso pa bambo ake. Anangosiya kupita kumsika, nayamba kutunga madzi nthawi imene pamjigo palibe anthu.

"Bambo a Nomsa," anatero Janeti tsiku lina, "mwana uja ndinamumwetsa phala ndi manja angawa. Pitani mukamufunse chimene tinamulakwira."

Mwayi unapezeka pamene zinamveka kuti Kalilangwe abwera kuboma la Ntcheu kudzaonetsa buku lake lachiwiri, lotchedwa Mphezi Ibwerera. Yoramu anavala jekete lake la ku Joni, nakwera matola. Anapeza holo itadzaza: ana a sekondale, aphunzitsi, makalaliki, anamwino, ena ataima m'mawindo. Anazungulira kuseri, ndipo anamupeza Silvester akumwa zoziziritsa kukhosi ndi anthu a masuti. Anali atanenepa, atavala magalasi.

"Madala!" anakuwa Silvester, namukumbatira ndi chimwemwe chosanamizira. "Amayi ali bwanji? Nanga Nomsa? Ayenera kuti anakula tsopano."

"Anakula. Ukwati wake watha chifukwa cha inu."

Silvester anamukokera pambali, pansi pa mtengo. Yoramu anafotokoza zonse, za apolisi, za kutchalitchi, za benchi lopanda wailesi. Analankhula mosakweza mawu, chipewa chili m'manja.

"Pepani, madala, sindinadziwe kuti zifika pamenepo," anatero Silvester. "Koma ndi nthano chabe. Dzina lanu mulibemo. Ngakhale Tsangano sindinatchule."

"Nthano anthu amavomera akudziwa kuti ndi bodza. Yanuyi ili ndi dzanja langa."

"Mlembi amatola apa ndi apo. Ndikanapanda kuikamo zinthu zenizeni, anthu sakanaikhulupirira."

"Ndiye aikhulupiriratu, achimwene. Mwapambana."

Silvester anavula magalasi nawapukuta. "Mukudziwa kuti ana amene sankawerenga chilichonse tsopano akuwerenga? Aphunzitsi amandithokoza. Kale munthu ukalemba za akazitape unkasowa. Lero tili ndi ufulu."

"Za mabomba ndakhululuka," anatero Yoramu. "Za mankhwala m'phala, aNanzunga adzaona okha. Koma Fabiyawo? Ndinakuuzani ndikulira. Munandigwira paphewa. Munali mukuganiza kale za mmene mudzaitembenuzire?"

Silvester anayang'ana pansi. "Munthu wobwerera kukapulumutsa mnzake sangakhale chigawenga, madala. Nkhani ikanafooka."

"Ndapempha chinthu chimodzi. Kauzeni anthu ali m'katimo kuti si ine."

"Chimenecho n'chosavuta. Ndichita lero lomwe."

Anachitadi. Atawerenga mutu umodzi wa buku latsopano, anthu akukuwa kuti "Mphezi! Mphezi!", Silvester anakweza dzanja kuti akhale chete.

"Abale anga, pali mphekesera yakuti Zalazitatu ndi munthu weniweni. Ayi. Ndinamupeka m'mutu mwangamu. Kuno kwabwera bambo amene anandisunga ngati mwana wawo, munthu wabwino, aNgozo a ku Tsangano. Anthu akhala akuwavutitsa popanda chifukwa. Madala, taimirirani akuoneni."

Yoramu anaimirira kumbuyo kwa holo. Mitu yonse inatembenuka. Chipewa anachigwira pachifuwa ndi dzanja lamanzere, monga anazolowera. Kenaka mtsikana wina anakuwa, "Ndi yemweyo! Taonani zala!" Holo inaphulika. Ena ankaomba m'manja, ena ankaliza mluzu, ena anakwera pamabenchi. Anamuzinga, akumukankhira mabuku ndi zolembera kuti asaine. Mnyamata wina anamugwira dzanja lija nalikweza m'mwamba, ndipo wojambula wa nyuzi anajambula.

Pamene ankadzikoka kuti atuluke, Yoramu anaona Silvester ali patebulo, mzere wa ogula utafika pakhomo. Mabuku anatha onse tsiku limenelo. Kaya Silvester anachita dala, kaya sanaganize, Yoramu sanadziwe, ndipo funsoli linamudya zaka zonse zotsatira. Masiku ena ankati mwana uja ndi njoka. Masiku ena ankati ndi chitsiru chabe chokonda kuombedwa m'manja. Sankadziwa chopweteka kwambiri pa ziwirizi.

Silvester anamupeza pokwerera matola, akupuma wefuwefu. "Madala, sizinayende mmene ndimafunira. Koma ndakonza. M'buku lachitatu ndimupha. Akafa, anthu aiwala."

Anamuphadi. M'buku lachitatu Mphezi anaulula Zalazitatu pakati pa msika, ndipo anthu okwiya anamuveka tayala n'kumuyatsa. Tsiku limene Dyton anawerenga mutu umenewo, m'kashedi munali nthungululu ngati zapaukwati. Mmawa mwake Yoramu anapeza tayala lakutha litatsamira benchi lake, bokosi la machesi lili pamwamba. Mwina anali masewera a anyamata. Iye sanafune kudikira kuti adziwe. Ananyamula mbaula ndi kabokosi kake, napita kunyumba, ndipo sanatsegulenso. Anayamba kulima kachewere kumunda wa kuphiri, kumene khasu linkamuvuta kugwira ndipo chifuwa chinkamugwetsa pansi. Janeti ndiye ankakagulitsa mbatatayo, chifukwa ogula ankachita nthabwala yofuna kukhuthula matumba a Yoramu kuti aone zili pansi.

Komabe anapuma. Anati mumtima mwake, chilombo chafa, chaka chino kapena chamawa ndikhalanso Ngozo.

Owerenga ndiwo anakana. Buku lachinayi, limene Mphezi ankalimbana ndi zigawenga zina za kunja, silinayende malonda. Anthu ankadandaula pa wailesi ndi m'nyuzi kuti Kalilangwe wazizira, kuti Mphezi popanda Zalazitatu ndi ndiwo zopanda mchere. Dyton analiwerenga mpaka pakati, omvera anabalalika. Choncho m'buku lachisanu zinadziwika kuti amene anapsa pamsika paja anali munthu wina, ndipo Zalazitatu anazemba nawoloka malire. Linagulidwa kuposa onse. Pa Tsangano nkhani inasintha mtundu: anthu anayamba kunena kuti mkulu uja ndi wokhwima, moto sumugwira. Amayi ankakoka ana awo akakumana naye panjira.

Silvester sanabwerenso ku Tsangano. Janeti atamwalira, anthu anabwera pamaliro monga mwa mwambo, manda anakumba, nyimbo anaimba, koma ambiri anabwerera kumanda komweko osafika pakhomo kudzasamba m'manja. Nomsa anadzakwatiwa mochedwa ndi bambo wina wa ku Dedza amene mkazi wake anamwalira, ndipo kumeneko sankatchula za kwawo. Ankabwera kudzaona bambo ake, koma ana ankawasiya.

Zaka zinapita. Kunabwera mavidiyo, kenaka mafoni. Dyton anakalamba, kashedi kake kanasanduka malo otchajira mafoni. Mabuku a Kalilangwe anasiya kusindikizidwa, ndipo otsala anathera kukulungira mtedza ndi usipa. Silvester naye anamwalira ku Blantyre. Yoramu anamva pa wailesi, akumutamanda kuti anali munthu amene anaphunzitsa dziko kukonda kuwerenga. Anathima wailesiyo, napita kukapalira.

Iye anayembekezera kuti buku likafa, bodza lifa nalo. Chaka china, chifuwa chitamuvuta kwambiri, anaitanitsa kabaza wa njinga yamoto kuti amuperekeze kuchipatala. Woyendetsayo anali Maynard, bambo wapabanja, wobadwira pa Tsangano pomwepo, munthu waulemu. Anamukweza bwino, namuuza kuti agwiritse. Ali m'njira, Maynard anatembenuza mutu pang'ono.

"Agogo, musakwiye, ndakhala ndikufuna kukufunsani. Pankhondo ija akuti munapha anthu ambiri. Zimakuvutani mukamagona?"

"Sindinaphe munthu."

"Ayi, ine sindikuweruzani. Inali nthawi yake. Koma aliyense amadziwa. Mnzanu wa kumgodi uja, ndi dalaivala wa lole."

"Zinali za m'buku, mwana wanga. Munthu wina anapeka, nalemba m'buku."

"Buku lanji?"

"Moto Pamalire. La Kalilangwe."

Maynard anapukusa mutu. "Limenelo sindinalimvepo. Ine anandiuza ndi amayi anga, ndipo amayi anga sankadziwa kuwerenga."

Kale Yoramu akanatha kunena kuti pitani kwa Dyton, tsegulani tsamba loyamba, muone polembedwa kuti nkhaniyi ndi yopeka. Tsopano panalibe tsamba lotsegula. Mlembi anali m'manda, buku linali litatha, ndipo zotsala zinali zimene amayi amauza ana awo.

"Taimani," anatero.

"Sitinafike, agogo. Kwatsala chitunda chonsechi."

"Ndati imani."

Maynard anaimitsa. Yoramu anatsika movutikira, nakonza jekete lake, nayamba kukwera chitundacho wapansi, akuima pafupipafupi kuti atsokomole. Maynard anamutsatira pang'onopang'ono ndi njinga, akumuchonderera kuti akwere, akupepesa ngakhale sankadziwa chimene walakwa. Mkuluyo sanacheuke. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, mzere utatha, ndipo anamuuza kuti abwerenso mawa.